Mafunso Anu a Zakuthambo: Kodi Chilengedwe Chikufutukuka Bwanji?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za nkhani imodzi, yoti chilengedwe chonse chikufutukuka. Tasankhapo asanu ndi awiri ndipo ena tawafupikitsa. Tisanayambe, tigwirizane kaye pa mawu awiri. Mlalang'amba ndi khamu la nyenyezi mabiliyoni ambirimbiri zogwirana ndi mphamvu yokoka. Wathu ndi uja umaoneka ngati msewu wa utsi wodula thambo pakati usiku wopanda mwezi. Megaparsec ndi muyeso wa mtunda: kuwala, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kumatenga zaka 3.26 miliyoni kuti kuyende megaparsec imodzi.

Funso: Aphunzitsi athu anati chilengedwe chikufutukuka. Munthu angadziwe bwanji zimenezi ali pansi pano, popeza palibe anapitako ndi tepi yoyezera? (Wophunzira wa Fomu 4, Kasungu)

Tepi palibedi, koma pali kuwala, ndipo kuwala kumafika kuno kutasenza uthenga. Pamafunika miyeso iwiri: liwiro limene mlalang'amba ukutitalikira nalo, ndi kutalika kwa kumene uli. Woyambawo ndi wosavuta kwenikweni. Wachiwiriwo ndi umene wakhala ukuwakhetsa thukuta akatswiri kwa zaka zoposa 100.

Tiyambe ndi liwiro. Kuwala kumayenda ngati mafunde. Kwabuluu mafunde ake ndi aafupi, kofiira ndi aatali. Mukadutsitsa kuwala kwa mlalang'amba m'galasi lomwaza mitundu, kumayalika ngati utawaleza, ndipo mu utawalezamo mumaoneka timizere, tina towala, tina takuda. Timizereti ndi zidindo za zinthu zimene zili kumeneko. Haidirojeni ali ndi kamzere kofiira kamene mu labotale iliyonse padziko kamapezeka pa mananomita 656.3 (milimita imodzi muli mananomita 1 miliyoni).

Tsono lozani telesikopu ku gulu la milalang'amba lotchedwa Coma. Kamzere kaja simukapeza pa 656.3, mukapeza cha pa 671.4, katasunthira kofiira. Tengani cholembera. Pa 671.4 chotsani 656.3, patsala 15.1. Gawani 15.1 ndi 656.3, mupeza 0.023. Nambala imeneyi ndi imene amaitcha redshift, ndipo amailemba ndi chilembo z. Ichulukitseni ndi 300,000: Coma akutitalikira makilomita pafupifupi 6,900 pa sekondi. Pali misampha iwiri pamenepa. Kamzere kamodzi sikokwanira, chifukwa mungasokoneze ka haidirojeni ndi ka chinthu china. Muyenera kuona kuti timizere tonse tasuntha ndi mlingo womwewo wa 0.023. Komanso masamu afupikitsidwewa amagwira z ikakhala yaing'ono, yosapitirira 0.1. Kupitirira apo amasocheretsa.

Woyamba kuchita zimenezi anali Vesto Slipher wa ku Lowell Observatory ku Arizona, kuyambira mu 1912. Kuwalako kunali kofooka moti chithunzi chimodzi chinkatenga maola ambirimbiri, nthawi zina mausiku angapo. Pofika 1917 anali atayeza milalang'amba 25, ndipo 21 inali kutithawa.

Tibwere pa mtunda. Amene anakhalapo m'mbali mwa nyanja usiku amadziwa nyali za asodzi a usipa. Nyali ikaoneka yozilala, mwina ili kutali, mwinanso ndi yofooka chabe. Mungasiyanitse pokhapokha mutadziwa mphamvu yake yeniyeni. Mukaidziwa, lamulo lake ndi lachidule: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumachepa kanayi; ukawirikiza ka 10, kumachepa ka 100. Nyali yodziwika mphamvu ya kuthambo anaipeza ndi Henrietta Leavitt wa ku Harvard. Mu 1912 anaonetsa kuti nyenyezi za mtundu wa Cepheid, zimene zimawala n'kuzilala mobwerezabwereza, zili ndi khalidwe lodalirika: imene imatenga masiku ambiri kuti ibwerere pachimake ndiyo yowala kwambiri. Choncho mumawerenga masiku, masikuwo amakuuzani mphamvu yeniyeni, ndipo mukayerekeza ndi mmene ikuonekera mumapeza mtunda.

Amene analumikiza miyeso iwiriyi ndi Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium, mu 1927, ndi Edwin Hubble mu 1929, pogwiritsa ntchito telesikopu ya galasi la mamita 2.5 pa phiri la Mount Wilson ku California. Anapeza kuti mlalang'amba ukakhala kutali kawiri, liwiro lake limakhalanso kawiri. Miyeso ya lero imati megaparsec iliyonse imawonjezera makilomita pafupifupi 70 pa sekondi, ndipo 70 ameneyu ndiye amatchedwa nambala ya Hubble. Gawani 6,900 uja ndi 70, ndipo mupeza kuti Coma ali pa mtunda wa ma megaparsec pafupifupi 99. Kuwala kwake kumene tikuona lero kunanyamuka zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo.

Funso: Ana anga m'kalasi amati ngati milalang'amba yonse ikutithawa, ndiye kuti ife tili pakati penipeni. Ndiwaonetse bwanji, poti sukulu yathu ilibe labotale? (Mphunzitsi wa sayansi, Dedza)

Aphunzitsi, labotale siyofunika. Pitani kwa telala mukagule lastiki watsopano wotalika masentimita 40, mapini asanu ndi limodzi otsekera zovala, ndipo mutenge rula. Yalani lastikiyo patebulo osamukoka. Siyani masentimita 10 kumapeto konse kuwiri, ndipo pakatipo bayani mapini motalikirana masentimita 4. Atchuleni A, B, C, D, E, F. Ana awiri agwire kumapeto n'kukoka pang'onopang'ono, wachitatu akuwerenga masekondi awiri, mpaka A ndi B atalikirane masentimita 6. Akafika pamenepo aime chilili, ndipo wina ayeze.

Kuchokera pa A, mupeza kuti B watalikira ndi masentimita 2, C ndi 4, D ndi 6, E ndi 8, F ndi 10. Zonsezo zachitika m'masekondi awiri omwewo, ndiye kuti B amayenda sentimita imodzi pa sekondi pamene F amayenda 5. Lamulo la Hubble ndi Lemaître ndi limeneli. Kenaka uzani mwana wina kuti iye kwawo ndi pa D, ayezenso. C ndi E atalikira ndi 2, B ndi F ndi 4, A ndi 6. Nayenso aona kuti onse akumuthawa, ndipo akutali akuthawa kwambiri. Aliyense ajambule galafu ya mtunda ndi liwiro. Mizere yonse ituluka yowongoka ndi yopendekeka mofanana. Palibe pini imene ili ndi mwayi woposa inzake.

Zimene zimalakwika ndi izi. Lastiki wakale wochotsa pa chovala amatanuka mosiyanasiyana, kwina kwambiri kwina pang'ono, ndipo manambala sagwirizana. Pafupi ndi zala satanuka bwino, n'chifukwa chake tasiya masentimita 10 aja. Musalembe madontho ndi bolopeni m'malo mwa mapini, chifukwa dontho limatanuka limodzi ndi lastiki, ndipo ana adzaganiza kuti milalang'amba nayo imafufuma. Pini satanuka, monganso mlalang'amba. Ndipo padzapezeka mwana wochenjera wonena kuti lastikiyo ali ndi pakati ndi kumapeto. Muyamikireni, chifukwa pamenepo ndi pamene fanizoli limathera; muuzeni aganize za lastiki amene kumapeto kwake sakukuona mbali zonse ziwiri. Ife sitikonda chibaluni chimene mabuku ambiri amalimbikitsa. Ana amayang'ana mpweya wa m'kati n'kuloza kuti pakati ndi apo, pamene fanizolo limanena za khungu la chibaluni lokha.

Chachikulu choti ana atenge n'chakuti mapiniwo sanayende pa lastiki. Pini iliyonse ili pomwe munaibaya. Chakula ndi danga la pakati pawo. Kuwala nako kukamadutsa m'danga limene likutanuka, mafunde ake amatanukira limodzi, n'kufika kuno atatalika. Redshift ya milalang'amba yakutali imachokera pamenepo.

Funso: Ngati zonse zikufutukuka, kodi munda wanga ukukula? Ndinamvanso kuti nyanja yathuyi ikutambasuka chaka ndi chaka. (Mlimi, Nkhotakota)

Bambo, munda wanu uli momwemo, ndipo malire ndi anzanu asasunthe. Kufutukuka kumaoneka pakati pa magulu a milalang'amba otalikirana kwambiri. Zinthu zogwirana kale sizitengeka nako. Dothi, mwala ndi thupi lanu zagwidwa ndi mphamvu za pakati pa maatomu. Dziko ndi Dzuwa, ndiponso nyenyezi zonse za mlalang'amba wathu, zagwidwa ndi mphamvu yokoka. Ngakhale mlalang'amba woyandikana nawo wa Andromeda sukutithawa: ukubwera kwa ife pa liwiro la makilomita pafupifupi 110 pa sekondi, chifukwa pa mtunda umenewo kukokana kumapambana.

Muonenso kuchepa kwake. Makilomita 70 pa sekondi amamveka ambiri, koma agawidwa pa megaparsec yathunthu. Pa mlingo wa lero, mtunda umatenga zaka pafupifupi 140 miliyoni kuti uwonjezeke ndi gawo limodzi pa magawo 100. Tiyerekeze kuti makilomita 300 a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre akanamatsata lamuloli: pa chaka akanawonjezeka ndi mamilimita 0.02, osafika ngakhale kunenepa kwa tsitsi limodzi. Koma ngakhale kakang'ono kameneko sikachitika.

Za nyanja munamva zoona, koma chifukwa chake ndi cha pansi pompano. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, mmene nthaka ya Africa ikung'ambika ndi mamilimita ochepa pa chaka. N'chifukwa chake ku Karonga ndi ku Salima kumachitika zivomezi. Mwezi nawo ukutalikira masentimita 3.8 pa chaka, koma chimenecho chimachokera pa kukokana kwake ndi madzi a m'nyanja zamchere.

Funso: Amati palibe chothamanga kuposa kuwala. Koma ndikachulukitsa 70 ndi mtunda waukulu ndikupeza liwiro loposa 300,000. Komanso chilengedwe chili ndi zaka 13.8 biliyoni, nanga bwanji amati timaona mpaka mtunda wa zaka 46 biliyoni za kuwala? (Mmalawi wogwira ntchito zamagetsi, Johannesburg)

Masamu anu ali bwino, achimwene. Gawani 300,000 ndi 70, mupeza ma megaparsec pafupifupi 4,300, mtunda umene kuwala kungayende zaka 14 biliyoni. Milalang'amba ya kuseri kwa pamenepo ikutalikiradi mofulumira kuposa kuwala, ndipo lamulo la Einstein silinaswedwe. Lamulolo limati palibe chinthu chingapitirire kuwala pamalo pomwe chili, ngati mmene basi imapitirira njinga pamsewu. Silinena za kuchuluka kwa danga limene lingawonjezeke pakati pa zinthu ziwiri zotalikirana. Bwererani ku lastiki uja wa aphunzitsi a ku Dedza. Ikani nyerere pa lastikiyo, ndipo tinene kuti nyerere siingapitirire masentimita 3 pa sekondi. Pini F ikutalikira A ndi masentimita 5 pa sekondi, komabe palibe pini yapitirira nyerere, chifukwa palibe pini ikuyenda.

Funso lachiwiri yankho lake lili momwemo. Kuwala kwakale kwambiri kumene timalandira kwakhala paulendo zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Nthawi yonseyo msewu wa kumbuyo kwake unali kutanuka. Malo amene kunachokera, lero ali pa mtunda umene kuwala kungatenge zaka 46 biliyoni. Nambala yoyamba ndi nthawi ya ulendo, yachiwiri ndi kumene kuli mudzi wochokerako panopa.

Funso: Chikufutukukira m'chiyani? Ndipo Big Bang inaphulikira mbali iti ya thambo? (Mayi wa kwaya, Zomba)

Mayi, dzina lakuti Big Bang ndi limene limasokoneza. Analiyambitsa ndi Fred Hoyle pa wailesi ya BBC mu 1949, munthu amene sankagwirizana n'komwe ndi ganizoli. Limapangitsa anthu kuganiza za bomba lophulika pabwalo, zidutswa n'kumwazikira m'malo opanda kanthu. Masamu a Einstein a 1915, amene Alexander Friedmann anawamasula mu 1922 n'kuonetsa kuti chilengedwe chingathe kufutukuka, safuna bwalo lakunja. Amangonena kuti mitunda ya m'kati ikukula. Kalelo malo onse anali othithikana ndi otentha, kuphatikizapo pamene mwakhala powerenga magaziniyi. Choncho mbali yoti muloze palibe.

Umboni wake ndi wogwirika. Mu 1964, Arno Penzias ndi Robert Wilson ankayesa chida cholandirira mafunde a wailesi chooneka ngati lipenga lalikulu ku Holmdel, New Jersey. Ankamva kaphokoso kosatha. Analoza kumpoto, kummwera, usana, usiku, kaphokoso kali pomwepo. Anathamangitsa nkhunda zimene zinamanga zisa m'chidacho n'kukolopa zitosi zake, koma sikanachoke. Kunali kuwala kumene kunamasuka chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 380,000, chikutentha madigiri pafupifupi 3,000. Kuchokera nthawi imeneyo mafunde ake atanuka ka 1,100, moti maso sangakuone, ndipo kwazizira kufika madigiri 270 pansi pa ziro. Kumabwera mofanana kuchokera mbali zonse. Kukanakhala kuti panali malo amodzi ophulikira, mbali imodzi ikanawala kuposa zina.

Funso: Buku lina likuti nambala ya Hubble ndi 67, lina 73, inu mukuti 70, ndipo ndinawerenga kuti Hubble mwiniwake anapeza 500. Akunama ndani? (Wophunzira zauphunzitsi, Mzuzu)

Palibe akunama, ndipo funso lanuli ndi limene latisangalatsa kuposa onse, chifukwa likukhudza pamene ntchito yeniyeni ili. Hubble anapezadi 500. Liwiro linali lolondola. Mitunda ndiyo inali yaifupi kwambiri. Vutolo linaonekera msanga. Pali kachidule kodziwira msinkhu wa chilengedwe: gawani 978 ndi nambala ya Hubble, yankho ndi zaka m'mabiliyoni. Ndi 70 mupeza 14. Ndi 500 mupeza zosakwana 2, pamene akatswiri a miyala anali ndi umboni woti Dziko ndi lakale kuposa pamenepo. Mwana sangabadwe mayi ake asanabadwe.

Zolakwika zinali ziwiri. Mu 1952 Walter Baade analengeza kuti nyenyezi za Cepheid zilipo mitundu iwiri, wina wowala kuposa unzake. Hubble anayang'ana zowala kwambirizo n'kuziyeza ndi muyeso wa zofooka, ngati munthu woona nyali yaikulu ya msodzi n'kuiyesa koloboyi wapafupi. Kukonza chimenechi kunawirikiza mitunda kawiri. Mu 1958 Allan Sandage anaonetsanso kuti zina zimene Hubble ankaziyesa nyenyezi zowala kwambiri m'milalang'amba yakutali zinali mitambo ikuluikulu ya haidirojeni woyaka. Nambala inatsikira cha pa 75. Palinso mdani wachitatu amene akuvutitsabe mpaka lero, fumbi la m'mlengalenga. Limaziralitsa nyenyezi, ndipo wosalichotsera m'masamu amaiika nyenyeziyo kutali kuposa kumene ili.

Lero pali njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi makwerero: kuyeza nyenyezi zapafupi, n'kugwiritsa ntchito zimenezo poyeza ma Cepheid, kenaka ma Cepheid poyeza nyenyezi zophulika za mtundu wa supernova Ia, zimene zimaoneka kutali zedi. Gulu lotsogozedwa ndi Adam Riess limapeza 73. Yachiwiri imayambira pa kuwala kwakale kuja kwa Penzias ndi Wilson, kumene setilaiti ya Planck inakujambula mwatsatanetsatane, n'kuwerengera kubwera kuno. Imapeza 67.4. Mbali iliyonse ikuti kulakwitsa kwake ndi pafupifupi 1 kapena kuchepera apo, choncho kusiyana kwa pafupifupi 6 sikungangonyalanyazidwa. Mwina pa makwerero pali sitepe yokhota, mwina chithunzi chathu cha chilengedwe chikusowa kanthu. Akatswiri akulimbana nazo panopa, ndipo telesikopu ya James Webb, imene inaponyedwa pa 25 Disembala 2021, yakhala ikuyezanso ma Cepheid omwewo. Ife timalemba 70 chifukwa ndi yapakati ndi yosavuta kuwerengera. Pa mayeso gwiritsani ntchito imene mwapatsidwa pa pepala.

Dziwaninso kuti kufutukukaku sikunayende pa liwiro limodzi. Aliyense ankayembekezera kuti mphamvu yokoka ikukuchedwetsa. Mu 1998 magulu awiri, lina la Saul Perlmutter, lina la Brian Schmidt ndi Adam Riess, anapeza kuti ma supernova akutali ndi ozilala kuposa mmene anayenera kukhalira, kutanthauza kuti ali kutali kuposa mmene ankaganizira. Poyamba liwiro la kufutukuka linkachepa, koma kwa zaka 5 kapena 6 biliyoni zapitazi kwakhala kukufulumira. Chochititsacho anachipatsa dzina lakuti dark energy, ndipo chimatenga magawo pafupifupi 68 pa 100 a zonse zimene zilipo. Atatuwo analandira mphoto ya Nobel mu 2011.

Funso: Pa zonsezi, chilipo chimene ndingaone ndi maso anga? (Mlonda wa usiku, Mchinji)

Kufutukukako simungakuone, koma zinthu zitatu za m'nkhaniyi mungazione, ndipo ntchito yanu ikukupatsani mwayi. Sankhani usiku wopanda mwezi ndi mitambo mu Novembala kapena Disembala, cha m'ma 8 kapena 9 koloko. Khalani kutali ndi magetsi, zimitsani tochi ndi foni, ndipo dikirani mphindi 20 kuti maso azolowere mdima. Mukangoyang'ana foni, mphindi 20 zija ziyambirenso.

Yang'anani kummwera. Tambasulani mkono, ndipo muyeze zibakera zitatu kuchokera pamene thambo lakumana ndi nthaka. Cha pamenepo muona timitambo tiwiri toyera tosayenda ndi mphepo, kena kokulirapo, kena kakang'ono. Imeneyo ndi milalang'amba ya Magellan. Kuwala kwa waukuluwo kwayenda zaka pafupifupi 160,000, kwa waung'onowo 200,000. Mu waung'onowo ndi mmene munali ma Cepheid 25 a Henrietta Leavitt. Ku Harvard suoneka; iye ankagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa ku Arequipa m'dziko la Peru, pamene inu mukuuona mutangoima pakhomo.

Kenaka tembenukirani kumpoto, pa msinkhu wa zibakera zitatu ndi theka. Fufuzani kachinthu kotuwa, kotalika ngati njere ya mpunga. Musakayang'ane mwachindunji, ponyani diso pambali pang'ono, chifukwa m'mbali mwa diso ndi mmene mumagwira bwino kuwala kofooka. Ameneyo ndi Andromeda, woyamba amene Slipher anamuyeza mu 1912, ndipo kuwala kwake kwakhala panjira zaka 2.5 miliyoni. Mukapeza mabainokulasi, ngakhale aang'ono a 7x50, tsamirani zigongono pa mpanda kuti manja asanjenjemere, ndipo pakati pake powala padzaoneka bwino.